Makasu a dzimbiri a ku Cévennes

Mchemwali wina wogwira ntchito yosamalira okalamba ku Nîmes wandilembera. Ali ndi masiku anayi opuma, ndalama yopitira ku Paris palibe, ndipo mnzake akumuuza kuti akwere kumapiri a Cévennes akaone nyumba zosungiramo zinthu zakale za m'midzi. Funso lake ndi lakuti: "Ndichokerenji ku Dedza kudzaona makasu a dzimbiri ku France?"

Achemwali, mawu amenewa andilasa mtima, ndipo mundilole ndiyambire kutali. Agogo anga aakazi atamwalira, tinasesa nyumba yawo tsiku limodzi lokha. Mtondo wong'ambika, malichero, chipande, mbiya imene ankafululira thobwa, khasu losulidwa ndi munthu wa m'mudzi momwemo, zonse tinaunjika kudzala. Moto ndinayatsa ndine. Ndinali nditangomaliza sukulu, ndipo m'maso mwanga zinthu zimenezo zinali umphawi wofunika kuubisa alendo a pamaliro asanauone. Palibe anandiletsa. Amalume anangoti, "Mwayeretsa bwino."

Patapita zaka ndinalowa mu Maison Rouge ku Saint-Jean-du-Gard, nyumba yosungiramo zinthu zakale imene kale inali fakitale yopota ulusi wa silika. Inatsekedwa mu 1965, ndipo inali yomaliza ya mtundu wake m'dziko lonse la France. Ndinkayembekeza zodabwitsa za azungu. Ndinapeza madengu, makasu, mbale zamtengo. Anthu a kumapiri kuno ankakhalira mtedza wa mumtengo wotchedwa châtaigne monga ife tikhalira chimanga, mpaka mtengowo ankautcha mtengo wa buledi. Ankauyanika m'kanyumba kamiyala kotchedwa clède, moto wofuka pang'onopang'ono pansi, mtedza pamwamba, kwa milungu ingapo. Ndinakumbuka tsanja la agogo pamwamba pa moto, pamene ankasungira mbewu kuti anankafumbwe asaiboole. Mtengo wa mabulosi, womwewu ana athu amadetsa nawo malaya, iwo ankautcha mtengo wa golide, chifukwa masamba ake ndiwo ankadyetsa mbozi za silika. Matenda atagwira mbozizo, mabanja anasauka, ndipo mu 1865 wasayansi Louis Pasteur anabwera ku Alès kudzafufuza chimene chinkazipha.

Ndinaima pamaso pa khasu lina lotha mpini ndi thukuta, misozi ili m'maso. Wina analitola, analipukuta, analemba dzina lake ndi ntchito yake. Ine langa ndinaliponya pamoto.

Ndiye ndinene mosabisa: amene amanyoza nyumba zoterezi akunyoza agogo ake, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Ku Paris mukaona zimene mafumu anasonkhanitsa. Kumudzi mukaona zimene anthu wamba anagwira ndi manja. Ife tili ndi matenda oganiza kuti mbiri ndi ya anthu ovala mataye okha. Ndi angati mwa ife anadutsa pa Mua, kwanu ku Dedza komweko, osapatuka kukaona zigoba za Gule Wamkulu ku Kungoni? Ndi angati amadutsa pa Chichiri tsiku ndi tsiku osalowa m'nyumba ya zakale ili pomwepo? Timadikira mlendo abwere ndi kamera kuti tidziwe kuti chathu n'chamtengo. Zimandipweteka, chifukwa inenso ndinali momwemo.

Koma malo amene sindidzawaiwala ndi Musée du Désert, nyumba yosungiramo mbiri ya Apulotesitanti, pa Mas Soubeyran, m'dera la Mialet. Ngati munakulira mu mpingo wa Chipresibeteriya, konzekani. Mu 1685 Mfumu Louis XIV inathetsa lamulo la ku Nantes limene linkalola Apulotesitanti kupembedza. Matchalitchi anagwetsedwa, abusa anathamangitsidwa, anthu n'kumakapemphera usiku m'mapanga ndi m'zigwa. Mu 1702 alimi ndi oluka nsalu anagalukira asilikali a mfumu, ndipo ndi amene amatchedwa Camisards. Nyumba ya mmodzi wa atsogoleri awo, Rolland, ndiyo mtima wa malowa. Mukaona dzenje lobisalamo munthu pansi pa kabati, guwa lolalikirira losanduka ngati mbiya yamatabwa kuti asilikali asalizindikire, ndi timabuku ta Mawu a Mulungu tating'ono kwambiri toti mayi n'kubisa m'tsitsi. Mukamvanso za Marie Durand, amene anakhala m'ndende ya Tour de Constance ku Aigues-Mortes zaka 38 chifukwa chokana kusiya chikhulupiriro chake. Lamlungu loyamba la Sepitembala anthu zikwizikwi amasonkhana pomwepo kupemphera pansi pa mitengo. Ndinaganiza za Baibulo langa logona pa shelefu, fumbi lili mbuu.

Nanga mupite bwanji?

Pitani ndithu. Kuchokera ku Nîmes kwerani sitima ya ku Alès, kenako basi, koma mabasi a kumidzi ndi owerengeka, makamaka Lamlungu, choncho mukapeza mnzanu wa galimoto ndi bwino. Nyengo yotentha pali sitima yakale ya nthunzi pakati pa Anduze ndi Saint-Jean-du-Gard, ulendo wa makilomita 13. Malo ambiri amatseka nyengo yozizira, ena amatsekanso masana nthawi ya nkhomaliro, ndiye yang'anani pa intaneti musananyamuke. Nyumba ziwiri zokha zikukwanirani, imodzi patsiku. Ndipo mukamaimba foni kumudzi sabata ino, muwafunse amayi ngati mtondo wa agogo ukadalipo, muwauze asaupereke kwa aliyense mpaka mutabwera.