Kodi ndilipire kuti buku langa lisindikizidwe?

Funso: Akonzi, ndamaliza kulemba buku langa loyamba la nthano. Kampani ina yati ilisindikiza ndikayamba ndalipira. Nditani?

Yankho: Musapupulume, m'bale wanga. Wosindikiza weniweni salipiritsa mlembi. Amalipira yekha mkonzi, wojambula chikuto ndi eni makina osindikizira, inu n'kumalandira gawo pa buku lililonse logulidwa, kawirikawiri pafupifupi 10 peresenti. Okulipiritsaniwo phindu amalipezeratu m'thumba mwanu, ndiye savutikanso kutsatsa bukulo. Makatoni adzangodzaza kuchipinda kwanu.

Tumizani kwa osindikiza ena chidule cha nkhaniyo ndi mitu itatu yoyambirira. Amachedwa kuyankha, miyezi ndithu. Akakulandirani, muwerenge bwino mgwirizano: ufulu wosindikiza ubwerera liti kwa inu? Nanga nambala ya ISBN, yozindikiritsa bukulo padziko lonse, ilipo? Ntchito imene ikukudyetsaniyo musasiye msanga.