Ukachoka mumpingo, tsanzika

Mdzukulu wanga amene akugwira ntchito ku Lilongwe wandifunsa kuti: "Agogo, ndinabatizidwa mu CCAP kwathu ku Dedza, koma kwa chaka tsopano ndikupemphera kumpingo wa chipentekosite ku Area 25. Kumeneko mtima wanga umatentha. Kunyumba sindinawauze. Kodi ndalakwa?"

Mwana wanga, za kutentha kwa mtimazo sindikutsutsa. Nanenso ndikudziwa kuti nyimbo zathu zam'buku tikamazikoka m'mawa wozizira wa Juni, ena amayamba kuwodzera. Komanso mpingo umene ukuuona ngati wachikalewu unali wachilendo tsiku lina. Amishoni a Dutch Reformed atafika ku Mvera mu 1889, kenako ku Nkhoma mu 1896, amene ankalowa kalasi ankaonedwa ngati opandukira mudzi. Agogo anga aamuna atasiya dambwe, abale awo anatha miyezi osadya nawo mbale imodzi. Ndiye ine sindingathamangire kunena kuti wopemphera kwina watayika.

Chandiwawa ndi mawu ako omalizawo, akuti kunyumba sunawauze.

Dzina lako likadali m'kaundula. Mkulu wa mpingo amene anakuphunzitsa katekisima amafunsa za iwe nthawi ya Mgonero ikayandikira, ndipo amayi ako amangoti, "Akupemphera konko kutauni," osadziwa kuti akukunamira. Kuno akukuwerenga, uko akukuwerenganso. Mapanga awiri avumbwitsa.

Chaka chatha tinaika mnyamata amene anamwalira ku Joni. Mtembo utafika, akulu ampingo anafunsa kumene ankapemphera. Kalata yosamukira sanatenge, ndipo kumene ankapita kukagwadako sikunabwere munthu ngakhale mmodzi, ngakhale kakalata kachipepeso. Ife amayi a Chigwirizano tinagona pasiwa, tinaimba usiku wonse chifukwa cha mayi ake, koma mabulauzi athu oyera tinawasiya kunyumba. Mayiyo analira kawiri. Sindikukuopseza ndi maliro ayi, Mulungu sawerenga makalata athu. Koma otsala amawerenga, ndipo manyazi amagwera iwo.

Tsono kumpingo watsopanowo tsegula maso. Ukagona m'chipatala sabata ziwiri, alipo amene adzabwere ndi kontena ya phala? Nanga abusa akalakwa, amawadzudzula ndani? Kwathu kuno mbusa ali ndi bwalo la akulu ampingo, pamwamba pake presibitale, kenako sinodi. Zimachedwetsa zinthu, nthawi zina mpaka kutopetsa, komabe munthu mmodzi sagwira yekha thumba la ndalama ndi guwa lomwe. Chakhumi pereka, ifenso timapereka, masika akafika timasenza chimanga ndi mtedza. Koma akayamba kukugulitsa timabotolo ta madzi, kapena kukuuza kuti ufese mbewu ya ndalama kuti akukweze pantchito, tsegula Machitidwe 8 uone mmene Petro anayankhira Simoni amene ankafuna kugula mphatso ya Mulungu. Ndipo ukadzamva akuuza wodwala kuti ataye mankhwala akuchipatala poti wachira, nyamula chikwama chako tsiku lomwelo.

Pa Khirisimasi ukabwera, uyambe wakhala pansi ndi amayi ako, awiriwiri, osati pafoni. Kenako mupite kwa mkulu wa mpingo, kapaketi ka shuga kali m'manja. Ngati mtima ukadali ku CCAP, pempha kalata yosamukira, ku Lilongwe mipingo yathu ndi yambiri, ina ili ndi mapemphero achingerezi ndi makwaya a magitala omwe. Ngati watsimikiza zochoka, nena ndi pakamwa pako, uwathokoze anthu amene anakunyamula pokubatiza. Mwina akwiya, mwina akulangiza mpaka dzuwa kupendeka. Upirire, usayankhe mokweza mawu. Ine ndidzakuperekeza, bola bondo langali likhale litaphwa.