Funsani za Mafupa: Akuti andijambule nditaimirira, kodi kugona kwalakwa chiyani?

FUNSO: Bambo, ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Leeds, ku England. Mu Januwale ndinaphonya sitepe potsika basi, phazi lakumanzere n'kupindika. Kuchipatala anandijambula X-ray nditagona pabedi, nati palibe fupa lothyoka, ndangobinya. Patha miyezi isanu koma pamwamba pa phazi, chapakati, pamawawabe ndikaima nthawi yaitali, ndipo poweruka nsapato imakhala itathina. Tsopano dokotala wa mafupa akuti ndikajambulitse CT nditaimirira. Mafupa ake si omwewo kodi, ndigone kaya ndiime? Ndikuopanso kuti makinawa angandiwononge m'thupi. Mayi wa ku Leeds.

YANKHO: Mayi, pepani ndi phazilo. Mafupa ndi omwewo inde, koma khalidwe lawo limasintha akasenza katundu. Munaonapo tayala la njinga ya kabaza? Njinga ili chiimire pansi pa mtengo, tayala limaoneka lokhuta mpweya. Akwerepo munthu ndi thumba la chimanga, m'pamene mumaona kuti laphwa. Phazi nalonso ndi choncho. Lili ndi mafupa 26 omangidwa ndi timitsempha, ndipo mukagona, onsewo amabwerera m'malo mwake ngati ana aona aphunzitsi. Mukaponda pansi, pamene kamtsempha kanaduka pamatseguka.

Malo amene mukulozawo ndi amene andichititsa kuti ndisazengereze kukuyankhani. Pakati pa phazi, pamene mafupa aatali opita ku zala amakumana ndi timafupa ta kumbuyo, achipatala amapatchula kuti Lisfranc, dzina la dokotala wa ku France wa m'nthawi ya Napoleon. Kuvulala kwa pamenepo kumabisala kwambiri. Pa zaka zimene ndakhala m'chipinda chojambulira, ndaona anthu angapo atabwezedwa kunyumba ndi Panado, chithunzi chogona chili bwinobwino, kenako titawaimiritsa n'kupeza kampata pakati pa fupa loyamba ndi lachiwiri mwa mafupa aatali aja. Kampatako kakapitirira mamilimita 2, dokotala amayamba kukayikira. Sindikuti inu muli ndi vuto limeneli, poti phazi lanu sindinaligwire. Koma ngati sabata yoyamba ija kuphazi kunada ngati magazi aundana, mukawauze, chifukwa chizindikiro chimenecho amachidziwa.

Tsono bwanji CT, osangobwereza X-ray mutaima? X-ray ili ngati chithunzithunzi cha munthu pakhoma. Mafupa apakati pa phazi ndi othithikana, ndiye pa chithunzi amasanjikizana, lina kubisa linzake. CT imajambula mozungulira, kompyuta n'kumanga phazi lonse, loti dokotala angalitembenuze ndi kuliona m'magawomagawo ngati buledi wodula. Makina a CT anayamba kugwira ntchito pa odwala mu 1971 ku London, nzeru za Godfrey Hounsfield, koma kwa zaka zambiri wodwala ankayenera kugona basi. Ena ankayesa kukankha phazi ndi thabwa kuti lifanane ndi loponda, koma sizinkafika pa kulemera kwa munthu weniweni. Makina oimirira afala chaposachedwapa, potengera njira imene madokotala a mano amajambulira nsagwada. Kampani ya CurveBeam ya ku America inatulutsa ake otchedwa pedCAT mu 2012, ndipo ya Planmed ya ku Finland ili ndi ake otchedwa Verity.

Kujambulako sikuvuta. Muvula nsapato ndi sokosi, mukwera pa kansanja, mugwira zitsulo za m'mbali, makina n'kuzungulira mapazi anu kamodzi. Mphindi imodzi siikwana bwino. Palibe jakisoni, palibe kulowa mu mphanga ya makina ojambula munthu atagona ija anthu amaiopa. Makina ena amatenga mapazi onse awiri nthawi imodzi, ndipo ine ubwino waukulu ndimauona pamenepo: phazi labwino limakhala mboni ya lodwala, poti aliyense ali ndi kapangidwe kake.

Koma tamverani ichi, chifukwa ndi pamene ambiri amawononga. Munthu womva ululu amazemba osadziwa. Amatsamira mwendo wabwino, amakoka zitsulo ndi manja, phazi lodwalalo n'kumangokhudza pansi ngati la nkhuku pa mvula. Mukatero mwajambulitsa chithunzi chogona muli chiimire. Pondani mofanana mbali zonse, zitsulozo zikhale zongokuchirikizani kuti musagwe. Ululu ukakula, nenani, asakukakamizeni.

Za mantha anuwo: cheza chimene makinawa amatulutsa ndi chochepa poyerekeza ndi CT ya pamimba kapena pachifuwa, komanso phazi lili kutali ndi ziwalo zimene zimavulala msanga ndi cheza. Chachikulu n'chakuti ngati muli oyembekezera, kapena mukukayikira, muwauze musanakwere pa kansanja.

Makinawa amathandizanso pa phazi lophwatalala limene likunka ligwa, chala chachikulu chopotokera kwa zinzake, akakolo amene mafupa ake awiri a msongolo atalikirana, ndi bondo la nyamakazi, pamene mpata wa pakati pa mafupa umachepa munthu akaima. Komabe si mankhwala a zonse. Amaona mafupa bwino, koma mitsempha ndi minofu saiona mokwanira. Imeneyo ndi ntchito ya MRI, makina ena ojambulira m'thupi pogwiritsa ntchito maginito. Ndiponso kuima si kuyenda. Choncho musadabwe dokotala akafunabe kukudinani phazi ndi chala n'kukuuzani kuti muyende pakhonde akuyang'ana.

Owerenga athu a kumudzi kuno angati, nanga ife? Makinawa ndi odula ndipo ngakhale ku Ulaya sali m'chipatala chilichonse. Koma nzeru yake ndi yotheka ndi X-ray wamba. Ngati bondo kapena phazi limawawa poima ndipo mungathe kuponda, funsani adokotala mwaulemu ngati angalembe kuti akujambuleni mutaimirira, mapazi onse awiri.

Inu Mayi, pitani. Mutenge nsapato imene mumavala kuntchito kuti dokotala aone mbali imene yadyeka, ndipo mumupemphe aike chithunzi cha Januwale pambali pa chatsopanocho.