Yankho kwa amalume pa ndalama za hositelo ya atsikana

Amalume, uthenga wanu ndaumvetsera kawiri, ndipo ndasankha kuyankha pagulu pano kuti amayi ndi achimwene amve nawo, popeza nkhaniyi ikukhudza mbiri ya banja lathu lonse. Mwafunsa ngati komiti yanu yomanga hositelo ya atsikana pa sukulu ya sekondale yoyendera ya kwathu iyenera kulembetsa bungwe lake kuno ku America, chifukwa abale a mpingo wa kuno amene akufuna kuthandiza akupempha risiti yoti boma likawachepetsere msonkho. Mwafunsanso ngati ndalamazo zingayambe zalowa mu akaunti yanga podikira. Funso lanu landipeza nditangobwera kumene kuchokera ku msonkhano wa pachaka wa National Network of Fiscal Sponsors, kumene a kuntchito ananditumiza, ndipo zimene tinakambirana kumeneko ndi zomwezi.

Za akaunti yanga ndikupempha kuti tizisiye, osati chifukwa chokana kusenza nanu katunduyu, koma chifukwa lamulo la kuno silichepetsa msonkho pa mphatso yopatsidwa kwa munthu payekha, ndiponso silitero pa mphatso yotumizidwa mwachindunji ku bungwe la ku Malawi. Bungwe lotolera msonkho la IRS limavomereza mphatso yopita ku mabungwe a kuno amene ali ndi chilolezo chotchedwa 501(c)(3). Kupempha chilolezo chimenechi kumafuna madola 600, kapena 275 pa fomu yaifupi ya mabungwe ang'onoang'ono, koma ndalama imeneyi ndi poyambira chabe. Pamafunika bodi, mabuku a chuma ndi lipoti la chaka ndi chaka, ndipo bungwe likadumpha zaka zitatu zotsatizana osapereka lipotilo chilolezo chimathetsedwa. Kwa anthu ofuna kumanga nyumba imodzi, ine ndikuona kuti mtolowu ndi wolemera kuposa ntchito yomwe.

Njira imene tinkakambirana ku msonkhano imatchedwa fiscal sponsorship. Bungwe limene lili kale ndi chilolezo limavomera kubereka gulu lopanda chilolezo, monga mmene mayi amaberekera mwana amene sanayambe kuyenda. Opereka amapereka kwa bungwe loberekalo, risiti imachokera kwa ilo, ndipo ndi ilo limene limayankha ku boma. Loya wina wa ku San Francisco, Gregory Colvin, anasanja njira zochitira zimenezi m'chaka cha 1993, njira iliyonse naipatsa chilembo chake, ndipo mpaka lero anthu a ntchitoyi amangotchula zilembozo. Mu Model A gululo limalowa kwathunthu m'bungwe lalikulu, kotero kuti antchito, katundu ndi ngongole zonse zimakhala za bungwelo. Mu Model C gulu limakhalabe palokha, bungwe lobereka limayamba lavomereza ntchito yake, kenaka limalandira mphatso ndi kumatumiza thandizo malinga ndi mgwirizano. Inu muli ku Malawi ndipo muli ndi komiti yanu, choncho imene ingakuyenereni ndi yachiwiriyi.

Pali mfundo imodzi imene ndikufuna kuti mukaifotokoze bwino kwa anzanu a komiti, chifukwa ku msonkhano inabwerezedwa m'zokambirana zambiri, ndipo ndi imene imadanitsa anthu. Bungwe lobereka si msungichuma wanu. Ku banki mkhonde, mayi amene amasunga bokosi amasunga ndalama za eni ake, ndipo gulu likagwirizana kuti bokosi litsekulidwe iye alibe mphamvu yokana. Pano zinthu sizili choncho. Dola iliyonse ikangoperekedwa imakhala ya bungwe loberekalo mwalamulo, ngakhale kuti imamangidwa ku cholinga chimene woperekayo anauzidwa, chomwe kwa ife ndi hositelo. IRS inagamula kale m'zaka za 1963 ndi 1966 kuti bungwe la kuno likakhala ngalande yongodutsitsa ndalama kupita kunja, lopanda mphamvu yoyang'anira kapena yokana, woperekayo sachepetseredwa msonkho. N'chifukwa chake anthu a ntchitoyi amapewa ngakhale dzina lakuti fiscal agent, poti limamveka ngati bungwelo ndi wantchito wotumidwa. Tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti denga la nyumba ya mphunzitsi likasasuka ndi mphepo, komiti singatape ndalama za simenti ya hositelo n'kukonzera dengalo, ngakhale mudzi wonse utagwirizana nazo, pokhapokha bungwe lobereka litavomera polemba. Ndikudziwa kuti kwa akuluakulu amene mwayendetsa zitukuko kwa zaka zambiri izi zingamveke ngati kukayikiridwa, koma mphamvu yokanayo ndi imene imachititsa kuti risitiyo ikhale ndi ntchito, ndipo ndi yomweyo imene idzakutetezeni tsiku limene munthu wina wa mphamvu adzabwere kudzapempha ngongole kuthumba la ana.

Ntchito imeneyi ndi yolipira. Mabungwe ambiri amadula pakati pa 5 ndi 10 peresenti ya ndalama zolowa, ndipo ena amafika pa 15 akakhala kuti akuyendetsanso malipiro a antchito kapena thandizo la boma. Mwachitsanzo, abale a mpingo atasonkha madola 10,000 ndipo bungwe n'kudula 8 peresenti, kwa inu kudzabwera madola 9,200 musanachotse zolipira ku banki. Anthu ena amadandaula ndi ndalama imeneyi, koma ine amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi wodula zochepa kwambiri, chifukwa akauntanti, inshuwalansi ndi akatswiri owunika mabuku onse amafuna malipiro, ndipo bungwe limene silitolera zokwanira limayamba kubwereka mwakachetechete ndalama za magulu amene likubereka.

Zimenezi zinachitikapo, ndipo anthu a ntchitoyi sanaziiwale. Bungwe la International Humanities Center la ku California linagwa kumapeto kwa 2011, ndipo magulu pafupifupi 200 anapeza kuti ndalama zawo, zoyandikira madola miliyoni imodzi, palibe. Lina, Open Collective Foundation, linalengeza mu February 2024 kuti litseka pakutha pa chakacho chifukwa ndalama zolowa sizinkakwanira kuyendetsera ntchito, ndipo magulu mazanamazana anayenera kusaka pothawira m'miyezi yochepa. Choncho tisanasainirane ndi aliyense, ndidzapempha kuona lipoti lawo la pachaka lopita ku IRS lotchedwa Form 990, limene lamulo limalola munthu aliyense kuliwerenga, pamodzi ndi lipoti la owunika mabuku ochokera kunja kwa bungwelo. Ndidzafunsa ngati ndalama za gulu lililonse zimalembedwa pazokha, ngati adzatitumizira ndondomeko ya zolowa ndi zotuluka mwezi uliwonse, ndiponso kuti timadikira masiku angati tikapempha ndalama. Mu mgwirizano wolembedwa, ndime imene ndidzayambe kuwerenga ndi ya kulekana, yonena kuti ife kapena iwo akafuna kusiya, chidziwitso chimaperekedwa masiku angati, ndipo ndalama zotsala zisamutsidwira ku bungwe liti. Zotsalazo sizingabwezedwe m'manja mwa munthu, zimapita ku bungwe lina la chilolezo chofanana limene lavomera kutenga ntchitoyo.

A bungwe loberekalo nawonso adzakufufuzani, ndipo ndi bwino kuti komiti ikonzekeretu. Adzafuna malamulo a gulu lanu, maminitsi a misonkhano, umboni wakuti munalembetsa, kaya ku khonsolo ya boma monga gulu la m'mudzi kapena ku NGORA, ofesi yoyang'anira mabungwe omwe si aboma, monga bungwe, kalata ya a zamaphunziro yovomereza kumanga pa malo a sukulu, ndi akaunti ya ku banki ya dzina la gulu imene anthu osachepera awiri amasainira. Mayina a akomiti adzawayerekeza ndi mndandanda wa anthu oletsedwa kulandira ndalama zochokera kuno umene ofesi ya boma la America yotchedwa OFAC imasunga, ndipo wina asakhumudwe nazo chifukwa amatero ndi aliyense. Pamene ndikuona kuti pangavute ndi pa malisiti. Wogulitsa simenti ndi malata amapereka risiti, koma mnyamata wa ngolo wotuta mchenga kudambo ndi amayi a ganyu yotunga madzi alibe buku la malisiti. Tiyenera kugwirizana ndi bungwe loberekalo poyambirira kuti pepala lolembapo dzina, tsiku, ntchito ndi ndalama, losainidwa kapena lodindidwa chala pamaso pa mboni, lidzalandiridwa. Ndingakondenso kuti ndalama zizibwera m'magawo, la maziko, la khoma ndi la denga, zotsalazo zikhale m'madola. Mukukumbukira kuti mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali atasintha kale ndalama zawo zonse anapeza kuti matumba a simenti amene anawerengera achepa.

Pa za woti atibereke, poyambira pafupi ndi mpingo womwewo wa abale aja, chifukwa mipingo ya kuno imawerengedwa kale m'gulu la mabungwe amene mphatso zake zimachepetsa msonkho. Koma bodi ya mpingo iyenera kukhala pansi, kuvomereza hositeloyi ngati ntchito yake, kulemba chigamulocho ndi kufuna malipoti kwa inu, osati kungolola kuti ndalama zidutse pa akaunti yawo chifukwa chodziwana ndi abusa. Akaona kuti sangakwanitse, pali mabungwe monga CAF America ndi GlobalGiving amene ntchito yawo ndi kufufuza magulu a kunja ndi kuwalandirira mphatso, ngakhale kuti zofuna zawo ndi zambiri ndipo gulu latsopano lingavutike kuzikwaniritsa.

Pakadali pano ndikupempha kuti muwauze abalewo asatumize kanthu kwa aliyense mpaka mgwirizano utasainidwa, chifukwa mphatso yoperekedwa kale kwa munthu kapena ku komiti singalembedwenso risiti pambuyo pake. Achimwene ajambule malamulo a komiti, maminitsi ndi mtengo umene mmisiri anawerengera, anditumizire pa WhatsApp sabata ino, ndipo ine ndidzakumana ndi akuluakulu a mpingowo Lamulungu likudzali tikaweruka mapemphero.