Mphemvu zodyetsa buluzi: muwete kapena muzingogula?

Bambo wina amene amakhala ku Leeds, mzinda wa ku England, wanditumizira imelo. Akuti mwana wake anapatsidwa buluzi wa mtundu wa bearded dragon, wa miyezi itatu, ndipo ndalama zikuthera ku tizilombo togula m'sitolo ya ziweto sabata ndi sabata. Anamva kuti ena amaweta okha mphemvu zodyetsa abuluzi. Akufunsa kuti zimatheka bwanji, komanso kuti awauze chiyani mayi a kunyumba, amene anenetsa kuti mphemvu iliyonse yolowa m'nyumba mwawo ikumana ndi silipasi.

Achimwene, tiyambe ndi mayiwo, chifukwa sakulakwa. Mphemvu zimene iwo akuzidziwa, zothamanga usiku m'kabati ya mbale, musayerekeze n'komwe kudyetsa buluzi. Zimayenda m'zonyansa, zimatha kukhala ndi tizirombo ta m'mimba, ndipo zambiri zimakhala zitakhudza kale mankhwala opopera. Buluzi akadya zoterozo, mankhwalawo amalowa mwa iye.

Zimene anthu amaweta ndi zina, zotchedwa Dubia, zochokera ku South America, kumaiko monga Argentina ndi Brazil. Yaikulu imafika masentimita 4 kapena kupitirira pang'ono. Ndi zaulesi poyenda, sizilira usiku ngati tinkhululu ta m'sitolo tija, ndipo sizitha kukwera pulasitiki yosalala. Yaimuna ili ndi mapiko aatali koma siuluka zenizeni, imangokupiza mapikowo ikamagwa. Yaikazi ili ndi timapiko tatifupi. Mfundo imene ingawakhazike mtima pansi mayiwo ndi ya kutentha. Kukazizira kutsika pa madigiri 20 a Celsius, Dubia zimasiya kuswana. Imodzi ikathawa m'nyumba ya ku Leeds, mudzaipeza itabisala kuseri kwa filiji, koma siyambitsa mudzi. Kumadera otentha nkhani ndi ina, n'chifukwa chake ku Florida, dera lotentha la ku United States, salola kuziweta, poopa kuti zingafalikire kutchire. Amene mukuwerenga muli kwina, yambani mwafunsa malamulo a kumene muliko. Ndipo wina akakutsatsani mphemvu zofiira zothamanga zotchedwa red runner, kanani: zotchipa inde, koma ndi zomwe zinathawa n'kukhazikika kum'mwera chakumadzulo kwa United States.

Khola lake silivuta. Pezani bokosi lakuda la pulasitiki losalala m'kati, boolani chivindikiro n'kumatapo sefa ya waya kuti mpweya uzilowa. M'katimo imikani mathireyi a mazira a katoni, chiimire osati chigonere, kuti zitosi zizigwera pansi. Musathiremo utuchi kapena dothi, zimangovutitsa posesa. Kunja kwa bokosi, mbali imodzi, ikani chotenthetsera chamagetsi chonga kamphasa (heat mat) cholumikiza ku thermostat, kachipangizo kolamulira kutentha, kutentha kuzikhala pafupifupi madigiri 30. Thermostat imeneyi musaiumire ndalama. Chotenthetsera chosalamulirika pa pulasitiki ndi katoni ndi ngozi ya moto.

Chakudya chikhale cha mitundu iwiri. Chouma, monga oats kapena chakudya cha nkhuku, chizikhalamo nthawi zonse. Chonyowa, monga kaloti, maungu, apulo ndi masamba, ndi chimene chimazipatsanso madzi, choncho mbale ya madzi siifunika, tiana timangomiramo. Zotsala muzichotsa mawa lake, chifukwa nkhungu imapha mphemvu msanga kuposa njala. Pa intaneti mupeza olimbikitsa chakudya cha agalu kapena amphaka kuti ziswane mofulumira. Ine sindigwirizana nazo. Mphemvu zikadya mapuloteni ochuluka zimasunga m'thupi zinyalala zotchedwa uric acid, ndipo wolandira katunduyo ndi buluzi wa mwana wanu.

Tsopano pamene ambiri amagwa ulesi. Dubia siziikira mazira panja. Yaikazi imasunga mazira m'thupi pafupifupi mwezi, kenako n'kubereka tiana 20 mpaka 40. Tianato timafundula kangapo ndipo timatenga miyezi 4 mpaka 6 kuti tikule. Mukayamba ndi zazikazi 20 ndi zazimuna zisanu, muyenera kuzisiya osatapamo kwa miyezi ingapo, apo ayi mudya mbewu. Nthawi yonseyo mukhala mukugulabe tizilombo kusitolo, kwinaku mukulipira magetsi a chotenthetsera.

Apa m'pamene ndikufuna muwerengetsere bwino. Bearded dragon akakhala wamng'ono amadya tizilombo tambiri tsiku lililonse, koma akamayandikira chaka chimodzi amatembenukira kumasamba, tizilombo n'kukhala ta apo ndi apo. Wanuyo ali ndi miyezi itatu. Pamene khola lizidzayamba kusefukira, iye adzakhala atachepetsa kale kudya. Mukanakhala ndi abuluzi atatu, kapena nalimata wa mtundu wa leopard gecko amene amadya tizilombo tokhatokha moyo wake wonse, kapena achule, ndikanati wetani osaganiza kawiri. Pa buluzi mmodzi, ine ndingagule tiana ta Dubia tochuluka nthawi imodzi, n'kumatisunga m'bokosi lomwelo popanda chotenthetsera champhamvu. Timakhala milungu yambiri osafa, ndipo kugula mopikula kumatchipa kuposa timabokosi ta sabata iliyonse.

Kaya muweta kaya mugula, mphemvu payokha ilibe kashiamu wokwanira, mchere wolimbitsa mafupa. Muzizidyetsa masamba ndi kaloti kwa tsiku limodzi kapena awiri musanazipereke, kenako muziwaze ufa wa kashiamu. Nyale ya UVB, yotulutsa kuwala konga kwa dzuwa, m'nyumba ya buluzi ndi yosakambirana. Popanda iyo thupi lake silitha kugwiritsa ntchito kashiamuyo, mafupa amafewa, nsagwada ndi miyendo zimapindika. Mphemvu iliyonse yomudyetsa isapose kukula mpata wa pakati pa maso awiri a buluziyo.

Chimene mayiwo ayenera kuda nacho nkhawa zenizeni ndi fumbi. Zitosi ndi zikhungwa zofundula za mphemvu zimayambitsa kuyetsemula, kuyabwa kwa maso ndi khungu, ndipo kwa ena zimadzutsa mphumu, makamaka akamazigwira nthawi yaitali. Bokosilo lisakhale kuchipinda chogona mwana. Posesa, valani magolovesi ndi chophimba pamphuno, ndipo chitirani panja. Ngati m'nyumbamo muli wodwala mphumu, za kuweta zisiyeni, muzingogula zochepa zokwana milungu iwiri.