Musalembe kalata yosiya ntchito dokotala asanalembe yake

Mayi, mwati zaka ziwiri mukutsuka makola a mbewa ndi makoswe oyeserapo mankhwala ku labotale, tsopano mukangolowa m'chipindamo mumayetsemula, maso kuyabwa, usiku n'kumabanika, koma mukapita patchuthi zonse zimatha. Abwana akuti ndi chimfine, alamu anu akuti ingosiyani ntchitoyo.

Alamuwo muwathokoze, koma kalatayo musalembe. Apa ndi pamene ndaona milandu yambiri ikufera. Munthu amalemba kuti "ndasiya pa zifukwa zanga", pomwe m'buku lake la kuchipatala mwangolembedwa "chifuwa" kasanu konse, osatchula mbewa ngakhale kamodzi. Pofika kubwalo la milandu ya zantchito la Industrial Relations Court, loya wa olemba ntchito amangonyamula mapepala awiriwo: anachoka yekha, ndipo mphumu anabwera nayo kuchokera kwawo. N'zoona kuti ndime 60 ya lamulo la zantchito la Employment Act la 2000 imalola wosiya ntchito chifukwa cha khalidwe la bwana kudandaula ngati wochotsedwa, koma umboni wake umakhala pamutu panu, ndipo ndi katundu wolemera.

Choncho bwererani kwa dokotala, mumuuze ntchito yanu mwatchutchutchu. Zoyambitsa vutoli zimakhala makamaka mu mkodzo wa nyamazi, umene umaumira mu utuchi n'kuuluka pamene mukukhuthula makola. Mupempheni alembe maganizo ake ngati matendawa akugwirizana ndi ntchito. Inunso muzilemba m'kope tsiku lililonse mmene mukupumira, masiku antchito ndi opuma omwe. Zoti ndi chimfine, sindikudziwa kuti abwanawo udokotala anauphunzira liti.

Zina mwachangu. Adziwitseni abwana mwa kalata, asaine pa kope lanu. Zapakamwa zimaiwalika mwadala. M'kalatamo pemphani kusamutsidwira ku gawo lopanda nyama, komanso zodzitetezera zenizeni, poti kamasiki kopyapyala kaja sikatchinga fumbi lotere. Lamulo la chitetezo ndi umoyo pantchito la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika udindo umenewu pa olemba ntchito. Za chipukuta misozi zimayendera lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 kudzera ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Lamuloli lili ndi malire a nthawi, ndiye musazengereze, ndipo akakuuzani kuti "mubwere mawa" mulembe dzina la wakuuzaniyo ndi tsiku lake.

Sindingalonjeze kuti mudzalandira ndalama. Zidzadalira lipoti la dokotala komanso ngati ofesiyo ivomereza kuti awa ndi matenda obwera ndi ntchito. Mukabanika kwambiri, thamangirani kuchipatala kaye.