Kwa achimwene a Tazz yomwa madzi ija

Achimwene ndaona funso lanu lija, loti Toyota Tazz yanu ya 1.3 yayamba kumwa madzi, m'mawa mukailiza ikutulutsa utsi woyera kumbuyo, pa cap ya oyilo pali zoyera ngati chambiko, ndiye amakaniko akutchulani mtengo woti simungaufikire mwezi uno, mukufuna kudziwa ngati mungasinthe nokha head gasket, gasketi yotseka pakati pa hedi (chivindikiro cha pamwamba pa masilinda) ndi buloko (thupi la injini), pomwe simunatsegulepo injini chibadwire. Ambiri akuyankhani kuti musayerekeze. Ine ndikuti mutha kupanga, injini ya 2E ija ndi yosavuta, ya kabureta, camshaft imodzi, palibe zamakompyuta zokusokonezani mutu. Koma mundimve bwino pa chinthu chimodzi chifukwa ine chinandidyera ndalama kawiri: gasketi siimangopsa yokha, ilipo imene yaipsereza, ndipo mukangosintha gasketi osapeza chimene chinawiritsa injini mubwereranso pomwepa mwezi usanathe.

Ndikuuzeni zanga kaye. Yanga inali Toyota Conquest, injini yomweyi. Ndinatsegula Loweruka pa yadi pomwe ndimakhala ku Turffontein, mwini nyumba akungozungulira kudandaula za oyilo pa paving yake, ine changu, hedi ndinangoipukuta ndi sandipepa nkuona kuti ikuwala basi ndati ili bwino, gasketi yatsopano phaa, Lamlungu madzulo galimoto ikulira bwinobwino ine kudzimva ngati injiniya. Patatha masabata atatu ndili pa M1 pa double decker paja cha ku Newtown, traffic ya 5 koloko, kamuvi koonetsa kutentha kwa injini kayamba kukwera ine ndikuona, kopatukira kulibe, mataxi akuimba mahutala kumbuyo, nthunzi tolo mu boneti. Chinavuta nchani? Hedi inali yopindika pang'ono, ndipo radiyeta inali yotsekeka mkati chifukwa mwini wake woyamba ankangothira madzi apampopi. Zonse ziwiri sindinaziyang'ane nkomwe.

Ndiye musanamasule bawuti ngakhale imodzi tsimikizani kaye kuti ndi gasketidi. Chambiko cha pa cap chokha si umboni, nthawi yozizira ngati June ndi July kuno galimoto yoyenda timaulendo tatifupi imatha kupanga zimenezo chifukwa cha chinyezi chabe. Injini ili yozizira tsegulani cap ya radiyeta, dzazani madzi, lizani, muone ngati mukutuluka thovu losalekeza. Chotsani mapulagi onse anayi muwayale motsatana, imene ikuoneka yoyera mbee ngati yachapidwa pomwe anzake ndi akuda, silinda imeneyo ndi imene ikulowa madzi. Ndipo pali test ina amapanga pa malo okonzera maradiyeta, amaika kabotolo ka madzi a buluu pakamwa pa radiyeta, akasanduka achikasu ndiye kuti utsi wa injini ukulowa m'madzi, nkhani yatha. Ndi yotchipa kuyerekeza ndi kutsegula injini yopanda mlandu.

Zida, masoketi ndi masipanala wamba mwina muli nawo kale, koma torque wrench, sipanala yoyeza kulimba kwa bawuti, ndiye musanyengerere, bwerekani kapena gulani. Zoti "dzanja langa limadziwa" zija asiyireni amene atsegula mainjini zaka 20. Muonenso mutu wa mabawuti a hedi musanayambe kuti mudziwe soketi yake, chifukwa ena amafuna ya makona 12 ndipo kuzindikira zimenezi Lamlungu masana mashopu atatseka zimawawa. Gulani gasket set yonse ya pamwamba osati gasketi imodzi yokha, mumakhala ya manifold, ya tapeti kava ndi masili a mavalavu. Ku Midas, AutoZone kapena mashopu a masipeya a mu Jules Street ndi ku Booysens za Tazz sizisowa, galimotozi zinapangidwa zambiri ku Durban mpaka 2006. Chonde musatenge yotchipitsitsa, ntchito yake ndi yaikulu kuposa ma rand ochepa amene mupulumutsepo. Muonjezere mabawuti atsopano a hedi, thermostat, cap ya radiyeta, timing belt poti mukhala mwaichotsa kale, oyilo, fyuluta ndi antifreeze. Q20, mafuta omasula dzimbiri aja, mupopere pa manati a ekizozi usiku wake, amakhala ogwira dzimbiri ndipo stud ikathyokera mkati ndi ntchito ina yapadera.

Tsiku lomasula injini ikhale yozizira kwenikweni, yogona usiku wonse, hedi ndi ya aluminiyamu ndipo mukaimasula ili yotentha mukuipinda nokha. Chotsani batire, khetsani madzi ndi oyilo. Kenako foni m'manja, jambulani chilichonse musanachikhudze, makamaka timapaipi ta vacuum tozungulira kabureta tija, timaoneka tochepa koma pobwezera mupeza tonse tikufanana. Ine ndimamata masking tape mbali zonse ziwiri nkulemba nambala. Mabawuti ndimabaya pa katoni mmene akhalira pa injini, ndiye mwana wa aneba akabwera kudzaonerera simusokonezeka.

Musanachotse belt zungulizani injini ndi sipanala pa crank mpaka pisitoni nambala 1 ifike pamwamba, chizindikiro cha pa pule chikumane ndi 0, cha pa camshaft chikumanenso ndi chake, rota ya distributor italoza waya wa nambala 1. Ikani Tippex ponseponse, pa distributor pomwe. Mawaya a mapulagi amayenda 1-3-4-2, lembani penapake. Belt ikachoka musazungulizenso chilichonse mwachisawawa.

Mabawuti a hedi alipo 10, pomasula mumayambira kunja kulowera pakati, modumphadumpha, pang'onopang'ono maulendo awiri kapena atatu, osati kumasuliratu imodzi anzake akadali olimba. Hedi ikakana kunyamuka musalowetse sikuludiraiva pakati pa hedi ndi buloko, mukanda pamene pakufunika kusalala, yang'anani kaye ngati palibe bulaketi kapena paipi yomwe mwaiwala kumbuyo, kawirikawiri imakhala imeneyo. Ikatuluka gasketi yakale musaitaye, iyang'aneni bwino, imakuuzani pamene inaphulikira, kaya pakati pa masilinda awiri kaya polowera madzi.

Tsopano apa ndi pamene ine ndinalakwitsa. Hedi ipite ku engineering, ku shopu ya makina yokonza mahedi, basi, palibe zokambirana. Muwauze apange pressure test kuona ngati ilibe mng'alu, ayeze kupindika kwake, ngati pakufunika aipale, amati skim. Pamainjini ambiri a Toyota kupindika kololedwa ndi 0.05 mm, kuchepa kwake kuposa tsitsi la m'mutu, ndiye diso lanu kapena rula ya mwana wa sukulu sizingaone zimenezo. Apatseni masili a mavalavu a mu set muja akuikireni konko poti iwo ali ndi chida chake. Muwafunsenso ngati hediyo inapalidwapo kale, Tazz zambiri zadutsa m'manja mwa anthu asanu ndipo hedi ili ndi malire ake, ikapyapyala kwambiri bola kukasaka ina ku scrapyard, nayonso idutse ku engineering isanakwere pa galimoto. Nchifukwa chake ntchitoyi musaiwerengere weekend imodzi, masulani Loweruka, Lolemba hedi ipite, mudzamange Loweruka linalo. Sabata imeneyo mukwera taxi, vomerezani.

Podikira hedi radiyeta ipite kokayeretsa kapena musinthe ngati mapulasitiki ake ayamba kusweka, gwedezani water pump muone ngati ikusewera kapena kudontha, ndipo fani muiyese ngati imayaka yokha injini ikatentha, switch yake imafa mwakachetechete ndipo mumadziwira mu traffic. Za cap anthu amazipeputsa koma kuno ku Joni tili pamwamba, mamita pafupifupi 1,750, madzi amawira pa madigiri 94 osati 100 ngati ku Durban, ndiye chimene chimaletsa madzi kuwira mu injini ndi pressure imene cap ija imagwira pamodzi ndi antifreeze. Cap yotopa yokha itha kukupsetsani gasketi. Ndipo amene amachotsa thermostat nkumati galimoto izizizira bwino aja musawamvere.

Buloko muipale ndi scraper mofatsa mpaka zotsalira za gasketi yakale zithe, mutatseka mabowo a oyilo ndi masilinda ndi nsanza zoyera. Mabowo a mabawuti awa ndiye muwasamale, mumatsalira oyilo ndi madzi pansi pake, mukamanga bawuti pamwamba pa madziwo torque wrench ikunamizani kuti yalimba pomwe siinafike, penanso buloko imang'aluka kumene. Ine ndimapota kansalu pa waya nkumalowetsa bowo lililonse mpaka katuluke kouma.

Gasketi yatsopano imalowa youma, silikoni ayi, girisi ayi. Iyeseni pa buloko muone kuti bowo lililonse la oyilo ndi la madzi likugwirizana, chifukwa mukaitembenuza imatha kukhala bwinobwino pamadawelo, timapini toongolera hedi tija, koma itatseka njira ya oyilo wopita ku camshaft. Hedi muitsitse anthu awiri, molunjika, osaikhwekhwereza. Mabawuti mupake oyilo pang'ono pa mazinga ndi pansi pa mutu, kumanga mumayambira pakati kutulukira kunja, mosiyana ndi pomasula paja, ndipo mumamanga m'magawo. Manambala a torque mutenge mu manual ya 2E kapena pa kapepala kobwera ndi gasketi, osati kwa munthu wa mu gulu lino amene akukumbukira za Golf yake. Ngati gawo lomaliza likunena madigiri ozunguliza bawuti, ikani kadontho ka Tippex pa bawuti iliyonse kuti muone kuti yazungulira kufika pati, apo ayi phone ikangolira muiwala kuti munali pa bawuti iti.

Belt ikalowa zungulizani injini ndi dzanja maulendo awiri athunthu muone ngati zizindikiro zabwerera pamalo pake, ikalimba penapake imani, musakakamize. Mavalavu a 2E amafuna kuwachuna ndi feeler gauge, timalata toyezera mpata, makamaka hedi ikachoka ku engineering. Oyilo watsopano, antifreeze theka madzi theka, heater muitsegule ku hot, lizani cap ili yotsegula kuti mpweya utuluke mpaka thermostat itseguke mapaipi a radiyeta atenthe, mudikire fani iyake ndi kuzima muli pomwepo. Utsi woyera ukapitirira kwa mphindi zingapo musathamange magazi, ndi madzi otsalira mu ekizozi. Oyiloyo ine ndimasinthanso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri chifukwa chambiko chija sichitha ulendo umodzi.

Mwanenanso kuti mukufuna kupita nayo kumudzi pa December. Ngati ndi choncho pangani ntchitoyi panopa kuti iyende miyezi ingapo mu town muno mukuyang'ana madzi m'mawa uliwonse, chifukwa mzere wa pa Beitbridge ndi kutentha kwa ku Tete, galimoto itadzaza katundu mpaka pa denga, si malo oyeserapo ntchito yanu yoyamba. Mukachotsa hedi mujambule gasketi yakaleyo ndi pamwamba pa mapisitoni muponye muno tione. Torque wrench ndili nayo, ngati muli cha kuno kumwera ndilembereni ku inbox mudzatenge Lachisanu madzulo, bola ibwerere.